A Yotamu ndi Madzi a pa Denga

Ntchito yotsuka magalasi a nyumba zosanja ku Doha ndinaipezera pa denga la tchalitchi. Ndinkakhoma malata ku Lilongwe, ndipo tsiku lina tikufolera tchalitchi china ku Area 25, mkulu wina wa mpingo anaima pansi nthawi yaitali akundiyang'ana ndikuyenda pa mitanda popanda nsapato. Nditatsika anandifunsa ngati sindichita chizungulire. Ndinati ayi. Anandiuza kuti mlamu wake ali ku Qatar, ndipo kampani imene akugwirako ikufuna anthu osaopa m'mwamba. Nthawi imeneyo mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo ntchito ya malata inkabwera mwa apo ndi apo. Sindinazengereze.

Anatipatsa malo ogona ku Fereej Bin Omran, m'nyumba yaikulu imene mwini wake anaidula zipindazipinda. Munali anthu a ku Nepal, a ku Kenya, ndi ife olankhula Chichewa, ena a ku Malawi, ena a ku Zambia. Bedi langa linali loyang'anizana ndi la a Yotamu, bambo wa ku Katete ku Zambia, wamfupi, wamapewa otambalala, amene imvi zinali zitayamba kuwamera m'ndevu. Anali atagwira ntchito ya zingwe zaka zambiri. Tsiku loyamba anayang'ana manja anga, n'kunena kuti, "Awa ndi manja a nyundo, mphwanga. Kuno tifuna manja ofatsa."

Ndifotokoze pang'ono za ntchitoyi, poti ambiri amangoona timadontho ta anthu tikulendewera pa galasi, osadziwa chimene chikutigwira. Munthu amavala hanesi, malamba olimba ozungulira m'chiuno, m'ntchafu ndi m'mapewa, okhala ndi mphete zachitsulo pamimba ndi pachifuwa. Zingwe zimakhala ziwiri, chilichonse chomangidwa pachitsulo chakechake pa denga. Chimodzi ndi chotsikira, ndipo chimadutsa m'kachipangizo kotchedwa disenda: ukakoka chogwirira chake umatsetsereka pang'onopang'ono, ukachisiya kamaluma chingwe, iwe n'kuima. Chingwe chachiwiri ndi chopulumukira, ndipo pamakhala kachipangizo kena, bakapu, kamene kamatsika nawe mwakachetechete koma kamagwira msangamsanga ukayamba kugwa. Zonsezi zimalumikizidwa ndi makarabina, ngowe zachitsulo zokhala ndi chotsekera chopota. Pamene chingwe chikukhudza m'mphepete mwa denga timachiveka chinsalu cholimba kuti chisaperesedwe. Ndiye pali kathabwa kokhalira, ndowa ya madzi a sopo, kansalu kaubweya konyowetsera galasi, ndi sikwiji, kamphira kopalira madzi. Chilichonse chimamangidwa ku hanesi ndi kachingwe, ngakhale botolo la madzi akumwa, chifukwa kanthu kakang'ono kakagwa kuchokera kumeneko kakhoza kupha munthu pansi.

Lamulo lalikulu linali kuchekana, ndiko kuti kuunikana zida. Palibe ankadutsa m'mphepete mwa denga mnzake asanamuone. Kuchekana sikuchitika ndi maso okha. Umalowetsa zala pansi pa lamba wa m'ntchafu wa mnzako kuti umve ngati wathina bwino, umakoka wa pachifuwa, umapota karabina aliyense, umagwedeza chisoti. Supavaiza wathu, bambo wa ku Nepal wosakonda zolankhula zambiri, ankabwereza mawu omwewo m'mawa uliwonse: "Zingwe ziwiri, anthu awiri. Yalla, tiyeni."

Munthu wanga wachiwiri anali a Yotamu. Tsiku langa loyamba kutsika nyumba yeniyeni ku West Bay, nditangodutsa m'mphepete n'kuona magalimoto pansi ngati nyerere, ndinalephera kutsika. Ine amene ndinkayenda pa mitanda ngati pamsewu ndinagwira chingwe ndi manja onse awiri, osatha kuchisiya. A Yotamu sanaseke. Anatsika mpaka anafanana nane, anaika dzanja paphewa langa, n'kuyamba kundifunsa za kwathu ku Mponela, ngati fodya anachita bwino chaka chimenecho, ndiponso dzina limene ndikufuna kudzam'patsa mwana. Ndinazindikira ndikuyankha funso lachitatu kuti dzanja langa lili kale pa disenda.

Anandiphunzitsa kuyendetsa sikwiji mokhotakhota osainyamula pa galasi, kuti pasatsale mizere. Anandiphunzitsa kuona mphepo pa nyanja isanafike pa khoma. Lachisanu, tsiku lathu lopuma, tikachoka ku mapemphero ku Abu Hamour tinkapita ku Al Doha Al Jadeeda kukamwa tiyi wamkaka wotchedwa karak pa kasitolo kena, iwo akundiuza za minda ya mpendadzuwa imene ankafuna kudzagula. Mwana wanga atabadwa, iwo ndi amene anayamba kuvina m'chipinda, atanyamula foni yanga m'mwamba kuti aliyense aone chithunzi.

Zinthu zinasintha m'chaka changa chachiwiri, kampani italemba anthu atsopano. Mmodzi mwa iwo anali Mateyu, wochokeranso ku Katete. Atangowaona a Yotamu anaima kaye pakhomo, kenako anapereka moni wozizira. Sabata isanathe nkhani inali itadzaza nyumba yonse: a Yotamu anachoka kwawo atathamangitsidwa, chifukwa anthu anadziwa kuti amakhala ndi mwamuna mnzawo ngati banja.

Ndinawafunsa tili awiri pa chingwe, pamalo pamene palibe angatimve.

"Achimwene, zimene akunenazi n'zoona?"

Anamaliza kupala galasi lawo, anapukuta mphira ndi kansalu, ndiyeno anandiyang'ana.

"N'zoona. Dzina lake ndi Dalitso. Ali ku Chipata, amasoka zovala. Takhala limodzi kuyambira iwe usanamere ndevu." Kenako anawonjezera kuti, "Ukafuna kusintha patina wa pa chingwe, uza supavaiza. Sindikwiya."

Ndinakulira mu mpingo, ndipo zonse zimene ndinamvapo za anthu otere zinali zotukwana kapena zoseketsa. Koma munthu amene anali pambali pangayu ndi yemweyo amene anapota makarabina anga m'mawa umenewo, ndi m'mawa wina uliwonse kuyambira tsiku limene ndinafika. Ndinaviika kansalu m'ndowa n'kunena kuti, "Tiyeni timalize mzerewu, dzuwa likukwera." Tinapitiriza kugwira limodzi.

Ena sanatero. Poyamba kunali kunong'onezana ndi kuseka akamadutsa. Kenako mbale yawo inayamba kupezeka payokha pansi pa sinki. Wina analemba mawu oti "wamathanyula" pa chisoti chawo, iwo n'kungofufuta. Tsiku lina ine nditadwala chimfine, supavaiza anauza Mateyu kuti awacheke. Mateyu anaima patali, anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Khalas, basi, ali bwino." Sanawakhudze. A Yotamu anadziunika okha zida n'kutsika.

Sakanatha kudandaula kwa aliyense. M'dziko limenelo nkhani yotere ndi ya apolisi. Mawu amodzi okha ku ofesi akanatha kuwatsekeretsa m'ndende, kapena kuwakweza ndege yobwerera kwawo, kumenenso lamulo silikanawateteza. Aliyense ankadziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ngakhale anyamata amene iwo anawaphunzitsa ntchito anayamba kuwalankhula ngati akulankhula ndi galu.

Ndiye panabwera nkhani ya madzi. Pa denga pankakhala chigubu chachikulu cha madzi oundana, chokhala ndi kampopi pansi pake, ndipo aliyense akakwera atamaliza mzere wa magalasi ankadzaza botolo lake pamenepo. Mateyu ananena pagulu kuti kukamwa kwa botolo la a Yotamu kumakhudza mpopi, ndipo iye sangamwe matenda. Ena anavomereza. Kuyambira tsiku limenelo a Yotamu ankabwera ndi madzi awo kuchokera kunyumba, m'botolo lachitsulo. Ine ndinkadzaza langa n'kuwathirirako, koma iwo sankakondwa nazo. "Sindine wopemphetsa, mphwanga," ankatero.

Ndinaganiza zokaonana ndi a Mbewe. Iwo anali wapampando wa gulu lathu la Amalawi ndi a ku Zambia, lothandizana pa matenda ndi pa maliro, limene linkakumana mapemphero a Lachisanu akatha. Ankayendetsa basi ya hotelo ina, koma kwawo ku Dedza anakhalapo khansala asanagwe pa chisankho, ndipo ankadziwa kulankhula moti anthu n'kukhala chete. Ndinawakokera pambali pa malo oimikapo magalimoto n'kuwafotokozera zonse. Ndinawapempha kuti angonena mawu amodzi pagulu, akuti munthu asamanidwe madzi.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akuseweretsa makiyi.

"A Levisoni, zimene mukunenazi ndazimva, ndipo zikundikhudza. Koma ine ndale ndazichita. Nkhani iyi ndi moto. Ukaigwira, anthu amayamba kufunsa kuti iweyo ukuwaikira kumbuyo chifukwa chiyani. Chisankho cha gulu chili pafupi. Tiyeni tidikire kaye, zizizira zokha."

Sizinazizire.

Tsiku lenilenilo linali la mwezi wa Ogasiti. Nyengo imeneyo lamulo limaletsa kugwira ntchito panja masana, choncho tinkayamba kusanache bwino kuti dzuwa likamafika pamutu tikhale titaweruka. Koma m'mawa umenewo kunalibe kamphepo ngakhale pang'ono. Chinyezi chochokera ku nyanja chinali ngati nthunzi ya mumphika, ndipo thukuta silinkauma pathupi. Tinali ku mbali ya kum'mawa kwa nyumba, kumene galasi limakubwezera dzuwa kumaso.

Titakwera pa denga kuchokera pa mzere wachiwiri, supavaiza anandituma kukasuntha zinsalu zotetezera zingwe. Anzathu anali atakhala mozungulira chigubu cha madzi, pa kamthunzi kokhako kamene kanalipo. A Yotamu anakhala patali, atatsamira khoma. Nditabwerera ndinawacheka monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinaona kuti milomo yawo yauma.

"Madzi muli nawo?"

Anagogoda botolo lawo ndi chala. "Alimo. Tiye."

Tinatsika. Tili chapakati pa nyumba ndinaona kuti galasi lawo likutsala ndi mizere, chinthu chimene sindinachionepo. Ndinawaitana. Anandiyankha zosamveka, akutchula mpendadzuwa. Kenako sikwiji inawapulumuka n'kumalendewera pa kachingwe kake, mutu unagwera kumbuyo, ndipo thupi lonse linatsetsereka pa kathabwa n'kutsala likuzungulira pang'onopang'ono pa hanesi.

Munthu wokomoka sayenera kulendewera nthawi yaitali. Malamba a m'ntchafu amatseka magazi, ndipo akhoza kufera pomwepo chingwe chili chilimbire. Ndinakuwa pa wailesi yam'manja kuti munthu wakomoka, aitane ambulansi. Supavaiza anayankha kuti, "Uli pafupi ndiwe. Mutsitse."

Kupulumutsa munthu pa chingwe tinkakuyeserera pa bwalo la kampani ndi chidole cholemera, ndipo amene anandiphunzitsa anali iwo omwewo. Ndinadzikankha ndi mapazi pa galasi mpaka ndinagwira chingwe chawo. Ndinaima pamwamba pawo pang'ono. Ndinakola kachingwe kanga kakafupi pa mphete ya pachifuwa pawo, ndinapota karabina, n'kuwonjezera kachiwiri. Ndinawadzutsa kuti akhale tsonga, mutu wawo uli pamimba panga. Thupi lawo linkatentha ngati lata la masana, ndipo khungu linali louma gwa, lopanda thukuta. Ndinakoka chogwirira cha disenda yawo pang'onopang'ono mpaka kulemera kwawo konse kunasamukira pa ine, ndiyeno ndinawamasula ku zingwe zawo. Ndinadutsitsa chingwe changa pa karabina wina kuti chisathamange ndi kulemera kwa anthu awiri, n'kuyamba kutsika, nditawapana ndi miyendo kuti asamenyetseke pa galasi.

M'maofesi amene tinkadutsa munali anthu ovala majekete chifukwa cha kuzizira kwa makina. Ena anaimirira n'kuyamba kujambula. Ine ndinkangolankhula nawo a Yotamu, kuwauza kuti tatsala pang'ono, kuwafunsa kuti mpendadzuwa amabzala mwezi uti.

Titafika pansi anzathu anali atatsika kale pa lifiti, atanyamula chigubu chija. Munthu wotenthedwa chotero amafunika kumuvula, kumuthira madzi ozizira, ndi kumuika madzi oundana m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche. Tonse tinkazidziwa. Ndinayamba kumasula hanesi, koma ndekha ndinkachedwa.

"Tandithandizani kuwavula!"

Anaima mozungulira. Wina anayang'ana mnzake, mnzakeyo anayang'ana pansi. Amene anagwada anali supavaiza ndi mlonda wa pageti, munthu wa ku Uganda amene sankatidziwa n'komwe. Supavaiza anamasula botolo lachitsulo lija ku hanesi, analitsegula, n'kulizondotsa. Simunatuluke ngakhale dontho. Anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, koma palibe anamuuza chifukwa chake.

A Yotamu sanamwalire tsiku limenelo. Anatsitsimuka kuchipatala patapita masiku, koma madokotala anati impso zawonongeka, ndipo moyo wawo wonse adzadalira makina osefa magazi. Ku ofesi analemba kuti wantchito anaiwala kumwa madzi.

Lachisanu lotsatira a Mbewe anandipeza ndisanawafune. Anali atamva. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati zinali zoona kuti botolo linali louma. Nditavomera anangogwedeza mutu.

Gulu litasonkhana pamthunzi wa mpanda, iwo sanayambe ndi pemphero ngati mwa masiku onse. Analankhula m'Chichewa chokhachokha, motsitsa mawu, kuti odutsa asatolepo kanthu.

"Abale anga, a Levisoni anabwera kwa ine nkhaniyi isanafike apa, ine ndinati tidikire. Tadikira, ndipo mwaona chimene tadikirira. Zimene mumanena za a Yotamu ndazimva. Sindinabwere kudzakufunsani ngati mumagwirizana nazo. Ndikufunsani ichi: kwanu, ndani anakuphunzitsani kumana munthu madzi? Ngakhale mlendo wosamudziwa timayamba tam'patsa chikho tisanamufunse dzina. Uyu ndi wathu. Ali ndi wake amene akumulira kunyumba monga mmene akazi anu angakulirireni inu. Amene akatengere nkhaniyi ku ofesi kapena kupolisi adziwe kuti wadzichotsa yekha m'gulu lino. Ine ndikupita kuchipatala tsopano. M'basi muli malo."

Panali phokoso. Bambo wina anati wapampando wayamba kudalitsa tchimo. Wina anafunsa mokweza ngati nawonso amachita zomwezo za a Yotamu. A Mbewe anangoyenda kulowera ku basi. Ndinawatsatira. Kwa kanthawi tinakhala awiri okha m'basimo, injini ikulira. Kenako anakwera mayi wina wa ku Lusaka wogwira ntchito yoyala mabedi mu hotelo, n'kukhala kutsogolo atagwira Baibulo lake. Anakwera alonda awiri a ku Mangochi. Anakwera mnyamata mmodzi wa m'gulu lathu la zingwe, mmodzi mwa amene anaima osagwada tsiku lija, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, osayang'ana aliyense. Sitinadzaze ngakhale theka la basi, koma tinapita.

A Yotamu atationa tikulowa anatembenukira kukhoma. Ndinaganiza kuti akwiya, koma mapewa awo ankagwedezeka. A Mbewe anakoka mpando, anakhala pafupi, anatenga dzanja lawo lotupa n'kuligwira nthawi yonse imene tinakhalamo. "Tinachedwa, a Phiri," anatero, powatchula ndi mfunda wawo. "Mutikhululukire."

Kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso okha pa nthawi yoona odwala. Anthu ankasinthana, ndipo ena amene anakana kukwera basi anayamba kutumiza zipatso, kenako kubwera okha. M'nyumba mwathu mawu otukwana aja anasiya kumveka. Mateyu sanapite kuchipatala, koma ku ofesi nako sanapite kukawaneneza, ndipo patapita miyezi anapempha kusamukira ku gulu lina la zingwe. Pa chisankho a Mbewe anagwa. Anaseka n'kunena kuti kugwa anakuzolowera.

Kampani inawabweza a Yotamu kwawo atangopeza mphamvu zokwera ndege. Ndinawaperekeza ku bwalo la ndege ndikukankha njinga yawo ya odwala. Anandisiyira sikwiji yawo ndipo anandiuza kuti ndizisintha mphira usanayambe kulumika. Tinkaimbirana mafoni. Nthawi zina ankayankha ndi a Dalitso, munthu wa mawu ofatsa, amene ankandiuza zoona pamene a Yotamu ankanama kuti ali bwino. Makina osefa magazi anali ochepa, odwala ambiri, ndipo ulendo wopita kuchipatala unkawatopetsa. A Dalitso anagulitsa makina awo amodzi osokera, kenako anatseka shopu kuti aziwasamalira.

A Yotamu anamwalira chaka chotsatira, ine ndili pa tchuthi ku Mponela. Ndinakwera basi kudutsa ku Mchinji, n'kukafika kumudzi kwawo m'mawa wa tsiku loika maliro.

A Dalitso ndinawazindikira ndisanauzidwe. Anali wamtali, woonda, atavala malaya oyera osokedwa bwino, ataima okha pansi pa mtengo kutsidya kwa msewu. Achibale anawalola kubweretsa thupi, koma anawauza kuti asalowe pabwalo. Ndinapita kukawapatsa moni. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Ndinu a Levisoni. Ankati munawanyamula ngati mwana."

Kumanda anatsatira patali, kumbuyo kwa aliyense. M'busa analalikira za mwana wolowerera. Mwambo wa nkhata utayamba, woyendetsa mwambo anaitana amayi awo a malemu, kenako alongo, kenako amalume. Pomaliza anati, "Tili ndi mnzawo wa kuntchito, wachokera ku Malawi." Anandipatsa nkhata ya maluwa apulasitiki.

Ndinaimirira nayo. Pa nthawi imeneyo ndi pamene ndinamvetsa chimene ndinaphunzira ku Doha, chimene ndachisunga mpaka lero. Anthu ambiri amene amasala mnzawo sakhala ndi chidani chachikulu mumtima. Amakhala akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali amene ayambe, ndipo akaona kuti akuluakulu ali chete, amatenga kukhala cheteko ngati chilolezo. Mawu a mtsogoleri pagulu amasintha zinthu, ndinaziona ndi maso anga, koma amasintha zambiri akanenedwa munthu akadali ndi impso zake. Ndipo pamalo pamene palibe wapampando kapena khansala woti ayambe, amayamba ndi amene waimirira.

Sindinalunjike kumanda. Ndinadutsa pakati pa anthu mpaka kumbuyo, kumene kunali a Dalitso, n'kuwapatsa mbali imodzi ya nkhata.

"Tiyeni, achimwene."

"Adzakutukwanani."

"Ndine mlendo, ndipita mawa. Tiyeni."

Tinayenda titaigwira awiri. Nyimbo ya amayi inazilala. Ndinamva kung'ung'udza kukuyenda m'khamu, ndipo amalume a malemu anadzuka pa mpando wawo, atakweza dzanja kuti atiimitse. Asanalankhule, amayi a a Yotamu, gogo wamng'ono thupi amene anakhala pamphasa pafupi ndi mtumbira, anayankhula osakweza mutu.

"Musiyeni. Ndi amene ankamusambitsa."

Amalume anakhala pansi. A Dalitso anagwada, anaika nkhata pa dothi, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analira mokweza. Gogo uja anasendera pang'ono pamphasa yake, n'kusiya malo.